Kukapala Moto Kwawo kwa Make Zione

Zimene ndalota usiku wathawu, anzanga, si zofotokoza munthu ali chiimire. Che Jafali, siyani kaye nkhomozo, bawo sathawa. A Sandalamu, sunthirani kuno, khutu lanu lakumanzere lija ndikulidziwa.

Inu mukudziwa mmene alili Make Zione chidwalireni sitiroko. Mayi amene ndinakumana nawo ku Nacala ndikugwira ntchito ya sitima, nkhondo isanatseke njanji, atachoka kwawo ku Madagascar kudzathandiza m'sitolo ya amalume awo. Anaphunzira Chichewa mpaka kumakalipira nacho ogulitsa nsomba pamsika wa Balaka pano, miyambi yomwe. Lero zonsezo zinapita. Pakamwa pawo patsala liwu limodzi lokha: afu. M'mawa afu, masana afu. Mwana wathu Zione anamva ngati ufa, n'kumawaphikira phala mpaka anayamba kulikankha ndi dzanja lawo labwinolo. Amayi a mumphakati anamva ngati akufa, n'kumanong'onezana kuti mayiwa ayamba kuona otsogola.

Sabata yatha kunabwera Bambo Hendi, wansembe wathu uja wa ku Indonesia, kudzawapatsa Ukalistia. Atamva liwulo anaseka. "A Filimoni," anatero, "akunena moto. Kwawo amalemba afo koma amatchula afu. Kwathu timati api. Ndi liwu limodzi, linayenda pa mabwato kalekale." Tikumwa tiyi anandiuza za zilumba zambiri zimene liwulo linafikako.

Chabwino, moto. Koma moto wanji? Thupi likuwatentha? Akuopa moto wa ku gehena, munthu wosaphonya Misa? Ndiye Zione akubwera lero masana kudzamva yankho langa. Abale a ku Madagascar aimba foni kuti tiwatumize mayiwa, akakhale pakati pa anthu owamva. Zione akuti chikondi n'chimenecho. Ine ndinagona ndi funsolo pachifuwa.

Ndiye ndinalota ndili m'nyumba mwanga, dzuwa lili pamutu, koma kukuzizira ngati ku Dedza mwezi wa Juni. Pabedi pa Make Zione panalibe munthu, bulangete lili lopindidwa bwinobwino. Ndinati ndikoleze mbaula, mwina atulukira. Ndinatenga machesi kuti ndiyatse, osayaka. Ena, mutu n'kuthyoka. Mwadzidzidzi kamtengo kena ka machesi kanadzutsa mutu m'bokosimo.

"Madala, mukungotipweteka mitu. Mukufuna ndani?"

"Moto," ndinatero.

"Ameneyo anasamuka."

Mbaula inakhosomola phulusa, n'kulankhula ndi mawu a munthu wachimfine. "Muno moto unkabwera chifukwa cha mayi aja. Anachita kubwera nawo. Pitani mukapale kumene anapala iwo."

Ndiye ndinatola phale kuseri kwa khitchini, la mphika uja anaswa mbuzi, n'kupita kukagogoda kwa aneba monga timachitira moto ukazima. Chitseko chitatseguka, si nyumba ayi, ndi bogi ya sitima, ndipo sitimayo ikuyenda kale. Ndinakhala pansi, phale pamiyendo. Tinadutsa Liwonde, tinadutsa Nayuchi, tinafika Nacala, koma dalaivala sanagwire mabuleki. Njanji inangopitirira pamwamba pa madzi ngati yayalidwa pamphasa.

"Kodi mukudziwa kumene tikupita?" linafunsa phale.

"Ayi."

"Ndi bwino. Odziwa amachedwa."

Mwadzidzidzi sitima inaima pa dothi lofiira, pali chipata chopanda mpanda. Pachipatapo panaima bwana wa yunifolomu, chipewa chakuda, mabatani akuwala.

"Mwanyamula chiyani?"

"Phale, bwana."

"Muli chiyani m'phalemo?"

"Mulibe kanthu."

"Katundu wopanda kanthu ndi amene amativuta kuno," anatero, ndipo ali mkati molankhula yunifolomu ija inayamba kubiriwira, zala zinagwirana ziwiriziwiri, mchira n'kupindika kumbuyo. Bwana uja anasanduka nanzikambe, chipewa chili pamutu pomwepo. Diso lina linatembenukira kumadzulo, lina kum'mawa.

"Musadabwe," anatero. "Kuno ku Madagascar timayang'ana kuwiri. Diso ili likuona kwanu, kumene tinatenga ng'ombe ndi dzina lake lomwe. Ili likuona kum'mawa, kumene tinatenga chinenero chathu. Dutsani, koma pang'onopang'ono."

Kuseri kwa chipatacho kunali minda ya mpunga, amayi ali chiweramire m'madzi. Ataweramuka, ndinaona kuti onse anali ndi chipumi cha Make Zione. Mmodzi, wamkulu pang'ono, anapukuta manja n'kundiyandikira.

"Alamu, mwabwera mochedwa. Phwando la ukwati linatha kalekale."

"Ndabwera kudzapala moto, alamu. Ndiponso mundiuze, m'bale wanu akamati afu, akufuna chiyani?"

"Ife tikati afu ndiye kuti mpunga watsukidwa, tikufuna kuphika. Koma iye anakhalitsa kwanu. Afu wake ndi wa ku Balaka tsopano, ife sitingamulankhulire. Komanso motowo si wathu, tinachita kupala. Funsani bwato ilo, ndi limene linabwera nawo."

Ndinacheuka, ndipo pamene panali sitima panali bwato lalitali, lokhala ndi mtengo womangidwa m'mbali ngati mkono wa munthu wotsamira khoma. Ndinakwera. Panalibe wopalasa, linkangodziyendera.

"Liwu mukulifunalo ndinalinyamula ndine," linatero bwato. "Linakhala pomwe mwakhala inupo. Linasanza njira yonse."

Musaseke, Che Jafali, pamenepo ine sindinaseke. Nyanjayo inali yaikulu, yopanda phiri, yopanda mbalame. Ndinayamba kuganiza za anthu amene anaiwoloka poyamba, khala lamoto ali nalo mumchenga pakati pa bwato, akulitchinga ndi matupi awo kuti mafunde asalizimitse. Ndinaganizanso za Make Zione tsiku limene anatsika sitima pa Balaka pano, ali ndi kachikwama kamodzi, osadziwa ngakhale kuyankha moni. Chimene ndikusowa kwa iwo si nkhani zikuluzikulu. Ndikusowa kukalipiridwa. Nyumba imene sukalipiridwa imakula, zipinda zimatalikirana.

Ndiye ndili m'maganizomo, mwadzidzidzi ndinamva fungo la mafuta, ndipo bwato linali litalowa pakati pa msika. Chipata chija chinali pomweponso, ndi bwana yemwe uja, koma tsopano analendewera chadodolido pamtanda wa chipatacho. Manja anatambasuka n'kukhala mapiko. Mleme, chipewa osagwa.

"Mukuchokera kuti?"

"Kumadzulo, bwana."

"Ndiye mukuyenda chobwerera. Anthu onse anachoka kuno kupita uko, inu mukuchoka uko kubwera kuno. N'chifukwa chake ndadzipachika chonchi, kuti ndikuoneni bwino. Dutsani."

Pamsikapo ndinapeza Bambo Hendi ali mu mkanjo wawo woyera, akukazinga nthochi m'chiwaya. Pansi pa chiwayacho malawi ankadumpha n'kumati, api, api, api, ngati anapiye.

"A Filimoni, mwafika kwathu! Khalani chete pang'ono mumve."

Anaika dzanja kukamwa n'kufuula kuloza kotulukira dzuwa: "Api!"

Patapita kanthawi, kutsidya kwa madzi kunayankha mawu: "Afi!" Kenako kutali kwambiri, mawu ang'ono ngati munthu akuusa moyo: "Ahi."

"Ndani amenewo, Bambo?"

"Abale athu amene anapitirira ndi ulendo. Oyambawo ndi a ku Samoa, akutaliwo a ku Hawaii. Liwu likayenda kwambiri limatha ngati sopo. Kwa awo langotsala mpweya wokha."

"Nanga olondola ndani?"

"Onse amapsa akaugwira," anatero, n'kutembenuza nthochi.

Ndinatambasula phale kuti andipalireko, koma anapukusa mutu. "Nafenso tinachita kupala. Pitani kumpoto."

"Bambo, inu ndinu wansembe. Mayi aja akuopa gehena?"

"Ndakhala ndikumva anthu oopa gehena zaka zambiri. Satchula moto mwaulemu chonchija."

Ndiye bwato linanyamukanso. Tinadutsa zilumba zambirimbiri zobiriwira, ndipo asodzi a ku Philippines ankatikweza manja, nyali zili m'mabwato mwawo masana, akufuula, "Apoy! Apoy!" Liwulo linali ndi kamchira kumapeto, kakugwedezeka ngati ka mwanawankhosa.

"Mwaona?" linatero phale. "Tikamayandikira kwawo, liwu likunenepa."

Mwadzidzidzi bwato linayamba kukwera phiri. Inde, a Sandalamu, phiri, ndipo ine sindinaone chachilendo. Linakwera pakati pa nsungwi ndi nkhungu mpaka pamalo ena osalala, n'kunena kuti, "Pano ndi pa Taiwan. Ine ndinabadwira m'munsimu. Kupitirira apa sindidziwa njira."

Pamalopo panali mafuwa atatu akuda bii, moto ukuyaka pakati pawo popanda nkhuni. Ndinagwada, n'kuwomba m'manja.

"Odi, eni moto."

Fuwa lalikulu linatsegula pakamwa pang'onopang'ono, mwaye ukugwa. "Sapuy," linatero. Liwulo linatuluka lathunthu, lolemera, la mutu ndi mchira womwe.

"Ndiye dzina lenileni limenelo?"

"Ndi lakale. Lenileni sitikudziwa. Ana athu atangokwera mabwato, chipewa cha liwuli chinauluka ndi mphepo. Ena anataya mchira, ena analifewetsa pakati kuti lilowe m'kamwa mwa adzukulu. Sitidandaula. Mwana amene sasintha ndi amene anamwalira ali wakhanda."

"Nanga inu munapala kuti?"

Mafuwa aja anayang'anana. Laling'ono ndi limene linayankha. "Kuseri kwathu kuli anthu, koma mayina awo anapsa. Timangokumbuka kuti kunali munthu wozizidwa, ndi mnzake amene sanafune kuti azizidwe. Nanga kwanu mumati chiyani?"

"Timati moto."

"Chifukwa?"

Ndinakanda m'mutu. Munthu wa imvi ngati ine, liwu lolitchula tsiku lililonse, osadziwa. Phale linandinong'oneza, "Kuwotha, madala. Moto timawotha."

Nditanena zimenezo, fuwa lalikulu linanditembenukira. "Ndiye inu simunayang'ane malawi potchula dzinalo," linatero. "Munayang'ana anthu okhala mozungulira."

Ndisanayankhe, ndinamva kuseka kuseri kwa nkhungu. Anzanga, kuseka kumeneko ndikhoza kukuzindikira ngakhale pakati pa chigayo. Nkhungu inang'ambika, ndipo Make Zione anali apo, ataima ndi miyendo yonse iwiri, chitenje chawo chobiriwira chili m'chiuno, manja onse akugwira ntchito. Anazunguliridwa ndi amayi a zilumba zonse zija, wina akuti api, wina apoy, wina ahi, onse akumvana, nkhani ikuthamanga ngati madzi a mumfuleni. Make Zione ndi amene ankalankhula kwambiri. Atandiona anagwira m'chiuno.

"Abambo a Zione! Ulendo wonsewu mwayenda ndi malaya osasita?"

M'Chichewa, anzanga. Chichewa chawo chija chokoka pang'ono kumapeto. Ndinakhala pansi pa dothi. Funso langa lija sindinalifunse. Ndinangoti, "Nenaninso."

"Ndinene chiyani?"

"Chilichonse. Ndikalipireni."

Anaseka, n'kundikonza kolala.

Mwadzidzidzi belu linalira ngati la kuchipatala, ndipo bwana wa pachipata uja anatulukira akuyenda cham'mbali. Msana unali utauma n'kukhala chigoba, maso ali pa timitengo. Nkhanu, dzanja lalikulu lopanira lili m'mwamba.

"Nthawi yoona odwala yatha," anatero. "Bambo, sankhani. Mayiwa akatsala kuno, azilankhula mpaka kalekale, aliyense akuwamva. Mukawatenga, malamulo a ulendo wobwerera mukuwadziwa."

Ndinayang'ana Make Zione, ndinayang'ana amayi aja. Kunena zoona, chiyambire matendawa sindinawaone nkhope ili yowala chonchija. Ndinaganiza za bedi lija, za khoma limene amaliyang'ana tsiku lonse, za ine nkhalamba yongoti "mwati chiyani, mwati chiyani" ngati wailesi yakutha mabatire. Mawu amene ndinanena anandicheka pakamwa potuluka.

"Make Zione, tsalani. Kuno mukuseka."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Nkhuku mwatsekera?"

Ndinayang'ana kumbali.

"Ndinadziwa. Bweretsani phalelo."

Anapisa dzanja pakati pa mafuwa aja, n'kutola khala lamoto ndi zala, osapsa, n'kuliika m'phale. Phale linati, "Eyaa," ngati munthu wolowa m'madzi ofunda.

"Mayi," inatero nkhanu, "bwatoli n'lakale. Wobwerera amaloledwa liwu limodzi basi."

Ndiye Make Zione anakhala pansi, n'kuyala chitenje ngati akufuna kusankha nyemba. Anayamba kutulutsa mawu m'kamwa limodzilimodzi n'kumaika pansi. Miyambi yonse ija anaphunzira kwa malemu amayi anga. Nyimbo za kwaya. Mayina a ndiwo. Mawu aja amatukwanira mbuzi zikalowa m'dimba. Mapemphero a chinenero chakwawo amene ine sindinawamvepo. Dzina la Zione analipsompsona kaye asanaliike. Nkhanu inkangotola n'kumakokera kuuna. Ine ndinkati, "Basi, basi, zakwana," koma sankandimva.

Pomaliza m'dzanja mwawo munatsala mawu awiri. Lina linali afu. Lina linali dzina langa, Filimoni, lakutha m'mbali chifukwa chogwiritsidwa ntchito.

Sindibisa, mtima wanga unati asankha ine. Koma anatenga Filimoni uja, n'kumupinda kawiri, n'kumuika m'thumba la malaya anga, n'kumenyapo pang'ono ndi dzanja.

"Make Zione," ndinatero, "zaka zonsezi, mukusiya ine n'kutenga moto?"

"Dzina lanu mumalidziwa kale, simungaliiwale. Koma tandiuzani, chigwereni ine pansi, mwadya chakudya chotentha kangati? Phala mumandidyetsa ine, inu n'kukagona ndi buledi ndi madzi. Mukuganiza kuti sindiona? Maso sanafe ziwalo. Lamba wanu mwaboola bowo lina. Inu ndikapanda kukukumbutsani, mukhoza kukhala m'nyumba yozizira mpaka kufa, anthu akakufunsani n'kumati tili bwino."

Atatero anaponya afu uja m'kamwa ngati m'bulu wa mankhwala, n'kumeza. Sanalankhulenso.

Tinakwera bwato. Potsika phiri mwendo wawo wakumanja unayamba kukoka. Podutsa pa asodzi aja dzanja linalemera n'kugwera pamiyendo panga. Pofika pakati pa nyanja yaikulu anali atatsamira paphewa panga monga amachitira ndikamawakhazika pabedi, mutu wopepuka ngati wa mwana. Mphepo inakula, madzi akulowa, khala lija likuchita mdima m'mbali. Ndinawerama, n'kulitchinga ndi chifuwa, n'kuyamba kuuzira. Likafiira, iwo amandifinya chala ndi dzanja labwinolo. Likada, amanditsina. Tinayenda choncho, kufinya, kutsina, kufinya, ndipo ndinaona kuti tikucheza.

Patsogolo ndinayamba kuona thanki ya madzi ya pasiteshoni, ndi mitengo ya malambe, bwato likuyenda pamwamba pa njanji. Bwana wa pachipata anali ataima pakhomo panga penipeni, tsopano ali munthu, akuvula chipewa. Anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma m'malo mwa mawu munatuluka kulira kwa belu, ngiri ngiri, ngiri ngiri.

Ndinatsegula maso. Kunja kwayera, ndipo mumsewu belu la njinga likulira, munthu akukuwa, "Makalaaa! Makala!"

Ndinatuluka wopanda nsapato kukamuimitsa. Ndakoleza mbaula pakhonde, ndawanyamula Make Zione n'kuwakhazika pampando pafupi, ndaphika mbatata ndi tiyi. Ndawadyetsa, kenako ndadya ine pamaso pawo, yotentha, mpaka kupsa lilime. Anandiyang'anitsitsa kufikira nditamaliza mbale yonse, kenako anatseka maso n'kugona padzuwa.

Mwina mawa anenanso afu, ndipo mwina tanthauzo lake ndi lina. Ndidzafunsa, adzanditsina, tidzapeza. Zione akafika ndimuuza kuti abale a ku Madagascar abwere adzatione, mphasa zilipo. Che Jafali, seweraniko ndi a Sandalamu lero. Ine ndasiya nyemba pamoto.